Malovu Anga pa Simbi ya Makala

Ntchito yanga ku kampu ya alendo inali kuchapa ndi kusita. Kampuyo ili m'mphepete mwa Luangwa, ndipo dzina lake sinditchula ngakhale masiku ena lilime limandiyabwa. Ndinapita ku Mfuwe kuchokera ku Msoro ndili mtsikana, msana utatopa ndi kutola thonje la bambo, ndipo imvi zinandimerera m'kanyumba kochapira kuseri kwa khitchini, kumene mlendo safikako. Magaidi, aja operekeza alendo kukaona nyama, ankadziwa alendo ndi nkhope ndi mayina awo. Ife a kulondiri tinkawadziwa ndi makabudula awo.

Kampu yathu inkatseka mvula ikayamba, poti msewu umasanduka phala ndipo mtsinje umakwera mpaka pamene alendo amamwera tiyi. Tonse tinkabalalika kukalima, foni ili pafupi. Mvula ikatha abwana manejala ankaimbira anthu amene akuwafunanso, ndipo amene foni yake sinalire ankadziwa yekha. Kwathu kuja munthu sankachotsedwa ntchito, ankangosiya kuitanidwa.

Chaka chimene ndikunenachi, mu Okutobala, kutentha kutafika poti ngakhale anyani ankakhala duu pamthunzi, kunabwera alendo anayi, amuna atatu ndi mayi mmodzi. Ine ndinayamba kuwakayikira nditangopisa m'matumba mwa zovala zawo. Alendo ena amaiwalamo maswiti kapena mankhwala a udzudzu. Awa munkatuluka timiyala, tizingwe, zotsekera mabotolo, nthenga za nkhanga, ndipo m'thumba la buluku lina ndinapezamo sipuni ya kukhitchini kwathu komwe. Mnzanga wa kulondiri, mayi wachikunda wamkulu kwa ine amene pakamwa pake panalibe chitseko, anayang'ana muluwo n'kunena kuti ulendo uno atibweretsera amisala olemera.

Pa chakudya cha masana gaidi wamkulu anatiuza kuti onsewo ndi mapulofesa a fizikisi, sayansi ija yofufuza chifukwa chake zinthu zimagwa, zimatentha ndiponso zimawala. Ankanena izi atakwiya. M'mawa umenewo anali atawapezera kambuku atagona pamtengo wa mvunguti, nswala yake ataikoleka panthambi, chinthu chimene alendo ena amachoka kwawo kutali n'kubwerera osachiona. Iye anazimitsa galimoto, n'kuloza monyadira. Wamkulu zaka pa onsewo, gogo wina wandevu zoyera, anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti chipatso cha mvunguti chija chikathothoka chingafike pansi ndi liwiro lotani, ndipo chingaboole denga la galimoto kapena ayi. Anayiwo anayamba kukangana, manja ali m'mwamba, wina akulemba manambala pachikhatho. Kambuku anatopa nawo, anatsika n'kumapita, ndipo palibe amene anamuona akupita kupatula gaidiyo.

Tsiku lililonse ankabwera ndi dandaulo latsopano, ife tikuseka mpaka kutsamwa. Pa dziwe la mvuu sanayang'ane mvuu, ankayang'ana mafunde amene mvuu imasiya kumbuyo. Paulendo wapansi, wamtali wa iwo anagona chafufumimba pamchenga wotentha kuti aone bwino madzi abodza aja amene amanyezimira patali dzuwa likaswa mtengo, sikauti wamfuti akumupempha kuti adzuke chifukwa njati zinali pafupi. Atawatengera ku Kawaza kukaona moyo wa kumudzi, anakathera pa mjigo. Ankapopa pang'onopang'ono, khutu lili pachitsulo, amayi a m'mudzimo atandandalika ndi zidebe zawo kudikira kuti alendo amalize kumvetsera madzi.

Mayi uja tonse tinkamuyesa woperekeza. Anali munthu wakuda ngati ife, wa kumayiko a kumadzulo kwa Africa, wamfupi, tsitsi la imvi lometa mpala pang'ono, ndipo ankaseka mokweza ngati ali pamsika. Tinkati ndi amene kampani yawapatsa kuti aziwanyamulira mapasipoti agogowo. Kenaka woperekera zakudya anatiuza kuti mkangano ukakula amuna atatu aja amatembenukira kwa iwo, ndipo akayankha nkhani imathera pomwepo. Anali mtsogoleri wa onsewo. Ndinachita manyazi ndi maganizo anga, komanso mumtima ndinakondwa.

Ndi mayiwo amene anatulukira kulondiri masana ena, kudzafunsa sipuni ija. Anati gogo wandevu sakupeza mtendere, chifukwa amaigwiritsa ntchito poyang'ana mmene nkhope yake imatembenukira chadodolido. Anandipeza ndikukoleza simbi. Ku kampu magetsi ndi a dzuwa, ndiye ife tinkasita ndi simbi ya makala, ndipo kuchigwa kuno chovala chilichonse choyanikidwa panja chimayenera kusitidwa ndi simbi yotentha kwambiri, apo ayi mazira a ntchentche za mphutsi amalowa m'khungu la mlendo. Poyesa kutentha ndinachita zimene mayi anga anandiphunzitsa, zimene mkazi aliyense wosita amachita. Ndinatembenuza simbiyo n'kulavulira pang'ono kumimba kwake. Malovu akachita thovu n'kumatirira, ndiye kuti sinapse. Akasanduka kamkanda n'kuyamba kuthamangathamanga pachitsulopo, ndiye kuti yafika. Tsiku limenelo kamkandako kanavina bwino, kanazungulira kawiri n'kugwera pansi.

Mayiwo anakuwa ngati aona njoka. Ine ndinadzidzimuka, ndinaganiza kuti ndawanyansa, ndipo ndinayamba kupepesa m'Chingerezi changa cha kulondiri. Iwo anandigwira mkono n'kundipempha kuti ndibwereze. Ndinalavula. Anati ndibwerezenso. Ndinalavula mpaka kukamwa kunauma, iwo atagwada pasimenti, maso ali pafupi ndi simbi moti ndinaopa kuti nsidze zipsa. Kenaka anathamanga kukaitana anzawo. Mnzanga wachikunda atabwera ndi dengu la mashiti a pabedi anapeza mapulofesa anayi atanjuta mozungulira simbi yanga, akulavulirapo mosinthana. Gogo wandevu ankaphonya nthawi zonse, malovu ake ankagwera pansapato yake yomwe. Mnzangayo anatula dengu n'kutuluka, ndipo ndinamumva akusekera kuseri kwa thanki.

Phokoso litachepa, mayiwo anandifotokozera, akubwereza mawu mpaka ndimve. Anati chitsulo chikatentha kwambiri, kunsi kwa dontho kumasanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo dontholo limakhala pamwamba pa nthunzi yake yomwe. Silikhudza chitsulo n'komwe, n'chifukwa chake limatsetsereka osapsa msanga. Anati m'mabuku mwawo chimenechi chili ndi dzina, ndipo ana awo a ku yunivesite amachiona m'chipinda choyesera zinthu, ndi zida zodula. Anali asanaganizepo kuti pali anthu amene amayezera nacho kutentha tsiku ndi tsiku.

Sindibisa, zinandikoma kwambiri, komanso zinandipsetsa mtima. Kamkanda kameneka ndinali nditakaona kuyambira ndili kamtsikana, ndipo sindinafunsepo kuti kamavina chifukwa chiyani. Sukulu ndinailekeza panjira, ndipo kochepa kamene ndinaphunzirako ka sayansi kanali koloweza mayina pamtima, mphunzitsi ali ndi ndodo m'manja. Palibe amene anandiuzapo kuti zinthu za m'manja mwanga zili ndi zifukwa zake, ndipo kuti munthu wamkulu wa imvi akhoza kugwada pansi kuzisangalalira.

Anandipempha chilolezo chondijambula ndi foni yawo n'kuika kavidiyoko pa bulogu yawo, tsamba la pa intaneti limene amalembapo nkhani za sayansi kuti aliyense aziwerenga. Ndinavomera msanga, ndipo ndinayamba ndakonza duku. Tinapatsana manambala a foni. Alendowo atanyamuka ndinaganiza kuti zathera pomwepo, chifukwa alendo amalonjeza zambiri galimoto ikamaliza kulira.

Koma patapita masiku ochepa uthenga unafika. Ndinatsegula, ndipo ndinadziona ndekha: manja anga, simbi yanga, milomo yanga itasongoka, kamkanda kakuvina. Pansi pake panali nkhani yaitali. Ndinaiwerenga masiku angapo, mawu ovuta ndikuwadumpha ngati matope a panjira. Nditamaliza ndinapitirira ku nkhani zina za patsambalo, ndipo kumeneko ndi kumene ndinalowerera. Mayiwo ankakonda kulemba za anzawo a fizikisi ndi zopusa zawo. Analemba za wina amene anaika kiyi wa nyumba mufiriji kuti aone ngati chitsulo chifupika ndi kuzizira, kenaka anatuluka, chitseko n'kudzitsekera, iye n'kugona kwa aneba. Analembanso za wina amene anapita kukafunsira mkazi, atafika anamva chitseko cha apongozi chikulira, anachizula n'kutha tsiku lonse akufufuza pamene pakuchokera phokoso, mpaka anabwerera osatchula n'komwe zimene anabwerera. Akuti makolowo anamupatsabe mwana wawo, poti chitseko chinasiya kulira. Kumapeto kwa nkhani iliyonse ankaloza mabulogu a anzawo, ndipo ine ndinkawatsatira onse, mabandulo akutha ngati mchere.

Ine chinthu chikandikoma sinditha kuchisunga. Ndinayamba kutumiza nkhanizo m'magulu onse a pafoni amene ndinalimo: la amayi a kutchalitchi, la abale a ku Msoro, la antchito a ku kampu. Podziwa kuti ambiri sawerenga Chingerezi chachitali, ndinkajambula mawu anga ndikuzifotokoza m'Chinyanja, n'kuthirako mchere wanga. Achimwene anga anadandaula kuti gulu la abale ndi la maliro ndi matenda, osati la azungu ozula zitseko. Ndinawayankha kuti mauthenga awo a madzi a mandimu ochiza matenda onse timawapirira chaka chonse, ndiye nawonso apirire. Amayi a kutchalitchi ankaseka n'kumafunsa ngati wa kiyi uja anakwatira. Khuku, wophika wa ku kampu, ankati ndikachedwa kutumiza amasowa chomvetsera posenda mbatata. Amuna anga anayamba kunditchula kuti apulofesa, makamaka akafuna madzi osamba.

Kavidiyo kanga ndinakasunga kaye, ngati munthu wosunga nyama kumapeto kwa mbale. Kenaka tsiku lina ndinakaponya m'gulu la antchito, mmene munalinso abwana manejala. Mapulofesa aja poyang'ana kavidiyoko ankaona nthunzi. Ine ndinkaona ine mwini ndi duku langa. Palibe mwa ife amene anaona kuti ndi mkazi wovala yunifomu ya kampu, chizindikiro cha kampu chili pachifuwa, akulavulira simbi, pambali pake pali mulu wa nsalu za mapilo a alendo. Abwana ndi amene anaona zimenezo.

Anandiitanitsa ku ofesi masana, mitambo ya mvula itayamba kale kuunjikana kumapiri. Abwanawo anali mwamuna wa ku Lusaka, wamng'ono kwa ine, wosakonda kukalipa. Anandipatsa moni, anandiuza kuti ndikhale, n'kutembenuzira foni yawo kwa ine.

"Amai, aba ni imwe?"

Ndinati ndine, ndipo ndinamwetulira, poganiza kuti akufuna kundiyamikira.

"Manje mlendo akaona ivi, azagona bwanji pa pilo yathu?"

"Abwana, malovu sakhudza simbi olo pang'ono," ndinatero. "Ndiye nkhani yake yonse ya kavidiyoko. Amakhala pamwamba pa nthunzi. Werengani pansipo, alemba."

Sanaseke. Anandifotokozera modekha kuti alendo asanabwere amafufuza kampu pa intaneti, ndipo mmodzi yekha akalemba kuti kuno amalavulira zofunda, eni kampu adzafunsa iwo. Anati iwowo sangalembere mlendo kumuuza zochotsa patsamba lake, zingaoneke zamwano. Koma nkhope ndi yanga, ndiye ine ndikapempha, mayiwo achotsa popanda vuto. Anandipatsa mpaka tsiku lotseka kampu. Potuluka anawonjeza kuti iwo amakonda kuimbira anthu amene amamvana nawo. Sananene moopseza, koma ndinamva bwinobwino.

Ndinene chilungamo, mfundo anali nayo. Inenso nditagona kunyumba ya alendo sindingakonde kuona zimenezo. Kuyambira tsiku limenelo ndinaika kapu ya madzi pambali pa simbi, ndipo ndinkayesa kutentha ndi dontho la kuchala. Ndinakawauza abwana kuti kulavula ndasiya. Anati zikomo, koma kavidiyo kachoke.

Apo ndi pamene khosi langa linauma. Amuna anga anandiuza kuti ndisachite zibwana, ana ali pasukulu ndipo munda wathu njovu zimaudziwa kuposa ife. Mnzanga wachikunda anandikalipira tsiku lonse tikupinda mashiti. Anati kavidiyo sikadyedwa, ndipo mayi wa imvi uja ali kwawo akumwa tiyi, sakudziwa n'komwe mtengo wa ufa ku Mfuwe. Anati ndaphunzira misala kwa amisala olemera, koma ndaiwala kuti iwo ndi olemera. Zonse zimene ananena zinali zoona.

Koma ndinkati ndikatsegula tsamba lija, mtima unkakana. Pansi pa nkhaniyo anthu a kumayiko amene sindidzafikako anali atalembapo. Mphunzitsi wina anati waonetsa ana a m'kalasi mwake. Wina anati agogo ake ankachita chimodzimodzi ndi chiwaya, ndipo analira ataona. Zaka zonse zija ndinasita mashiti osawerengeka, ndipo lililonse linkakwinyika pofika m'mawa, n'kubwereranso kwa ine ngati sindinaligwirepo. Ntchito yanga ikakhala yabwino, palibe amene ankadziwa kuti kuseri kwa khitchini kuli munthu. Tsopano kanthu kamodzi kokha kanali katatsala poonekera, kosonyeza kuti manja awa analipo ndipo ankadziwa zimene akuchita. Ndipo ankafuna kuti ine ndemwe ndikapemphe kuti akafufute, ndikupepesa ngati ndagwidwa ndikuba sopo. Ndinkati ndikaganiza mawu oti ndiyambire pempholo, ndinkangoika foni pansi ndi mkwiyo.

Tsiku lotseka linafika. Matenti anali atapindidwa, mipando itakwezedwa pamwamba kuopa madzi, ndipo antchito ankalowa mu ofesi mmodzimmodzi kukatsanzika. Nditalowa, abwana anandifunsa ngati ndatumiza uthenga uja. Ndinati ayi. Anati palibe vuto, ndikhoza kutumiza pompano, netiweki ya ofesi ilipo. Ndinatulutsa foni, ndinapeza dzina la mayiwo n'kudina pojambulira mawu. Mpaka nthawi imeneyo sindinkadziwa chimene chituluke pakamwa panga. Ndinawapatsa moni m'Chingerezi changa chothyokathyoka, abwana akugwedeza mutu kundilimbikitsa. Kenaka ndinawafunsa funso limene linkandivuta sabata yonse pa chingwe choyanikira: n'chifukwa chiyani chitenje chonyowa chimaoneka chakuda kuposa chouma, pamene madzi alibe mtundu? Ndinatumiza, n'kubweza foni m'thumba.

Abwana anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, ngati munthu amene watopa chabe.

"Zikomo amai. Muyende bwino."

Ndinatuluka mutu uli m'mwamba, ndipo ndinayenda choncho mpaka kuseri kwa thanki, kumene ndinakhala pansi.

Mvula ya chaka chimenecho inagwa yambiri. Tinalima chimanga ndi mtedza, tinathamangitsa njovu ndi zitini, ndipo ine ndinapitiriza kutumiza nkhani zanga m'magulu. Yankho la chitenje linabwera, lalitali, ndi chithunzi chojambula pamanja: akuti madzi amachititsa kuwala kulowerera m'kati mwa ulusi m'malo mobwerera kumaso kwathu. Ndinalifotokoza kwa amayi a kutchalitchi tikuchapa nsalu za paguwa, ndipo mmodzi anati ndisamawasokoneze mutu ali pantchito ya Mulungu. Mumtima ndinkadzinamiza kuti abwana aiwala, kapena asowa wina wodziwa kusita makolala a magaidi ngati ine.

Mvula itatha mafoni anayamba kulira. Khuku anaimbiridwa. Mnzanga wachikunda anaimbiridwa, ndipo anabwera yekha kudzandiuza, maso ali pansi, kuti kulondiri atenga mkazi wina wa kufupi ndi bwalo la ndege. Foni yanga ndinkaitchaja tsiku lililonse, ndinkaiika pawindo pamene netiweki imagwira bwino, koma sinalire. M'mawa wina lole ya kampu inadutsa pamsewu waukulu itanyamula anzanga ndi zikwama zawo, ine ndili pambali ndi dengu la mtedza pamutu. Ena anandibayibitsa, ena anayang'ana kumbali. Zinandipweteka kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinakafika kunyumba n'kulira ngati kwagwa maliro, ndipo amuna anga, amene anali ndi ufulu wonse wonena kuti ndinakuuza, anangotenga dengulo n'kuyamba kusenda mtedza. Madzulo ake ndinapeza kuti andichotsanso m'gulu la antchito.

Masiku ano ndimasita pakhonde panga. Magaidi ena amandibweretsera mayunifomu awo mwakabisira, aphunzitsi amabweretsa malaya a Lolemba, ndipo ikakhala nyengo ya maukwati ndimagona mochedwa. Zimene ndimapeza sizifika pa za ku kampu, ndipo pali miyezi imene ndiwo zimakhala masamba okhaokha. Achimwene anga amauza abale kuti ndinataya ntchito chifukwa cha malovu, ndipo amanena ngati nthabwala ya pamaliro. Ine ndimawasiya anene. Nkhani za fizikisi ndimatumizabe m'gulu lawo lomwelo, ndipo khuku amazitenga kwa ine n'kukaziponya yekha m'gulu la ku kampu, kumene ndikumva kuti ngakhale gaidi wamkulu uja amamvetsera. Ngati wina akudikira kuti ndinene kuti ndinalakwa, adikirabe.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sindinamuuze kuti ntchito inandithera, ndiye mayi wa imvi uja. Timalemberana mpaka lero. Ine ndimawatumizira mafunso a pakhonde panga, iwo amanditumizira mayankho ndi zopusa zatsopano za gogo wandevu. Nthawi zambiri amafunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji ku kampu, ndipo ine ndimayankha kuti simbi ikutentha bwino. Ndimawadziwa mtima wawo. Atangomva zimene zinachitika, angachotse kavidiyoko ola lomwelo, angandipepese misozi ili m'maso, angalembere eni kampu makalata aatali. Pamenepo ndiye kuti ndataya zonse ziwiri, ntchito ndi kavidiyo komwe, n'kutsala ndi chisoni cha munthu wabwino, chimene sindinachipemphe.

Mwezi wathawu ananditumizira uthenga wa mawu, akuseka mokweza monga mwa masiku onse. Akuti chilimwe chikubwerachi abweranso ku Luangwa ndi ophunzira awo angapo, ndipo onsewo akufuna kudzaona londiri yotchuka ija ndi mwini wake. Ndinakhala nawo uthengawo masiku awiri osayankha. Kenaka ndinawauza kuti kulondiri ya ku kampu asavutike kupitako, abwere kunyumba kwanga, pakhonde pali malo ndipo makala ndigula ndine. Akadzafika ndidzawauza zonse, poti bodza la pamaso sindilitha. Koma ndisanayambe adzayenera kundigwira dzanja n'kulumbira, ophunzira awo akumva, kuti patsamba lija sadzachotsapo kanthu.